Tisaope Kampope ka Mphumu

Mwera ukayamba kuomba panyanja m'miyezi ya Juni ndi Julayi, m'nyumba zambiri tulo timasowa chifukwa cha mwana kapena nkhalamba imene ikubanika, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Kawirikawiri imeneyi ndi mphumu, imene ena amati asima. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo. Ambiri mwa omwalirawo anali a m'maiko osauka, kumene kampope kopopera mankhwala m'kamwa, kaja achipatala amati inhela, kamasowa kapena kamaopedwa.

Manthawo tawamva kwa makolo ambiri. Ena amati ukayamba kampope sudzakasiya, ena amati n'ka munthu amene watsala pang'ono kufa, choncho amapempha mapiritsi kapena jakisoni. Tiyeni tione bwino nkhaniyi.

Mphumu imatupitsa tinjira ta mpweya ta m'mapapo ndi kutifinya. Piritsi la salbutamol limayamba lapita m'mimba, kulowa m'magazi ndi kuzungulira thupi lonse lisanafike m'mapapo. N'chifukwa chake limachedwa, ndiponso limanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima. Mankhwala omwewo akapopedwa amafika pamalo odwalawo mwachindunji, pamlingo wochepa kwambiri, ndipo pakatha mphindi ngati 5 munthu amayamba kupeza bwino. Kampope kotere kanayamba kugwiritsidwa ntchito ku America m'chaka cha 1956, ndipo sikapatsa munthu chibaba monga amachitira fodya.

Timipopeti tilipo mitundu iwiri. Ka salbutamol, kamene kawirikawiri kamakhala kabuluu, kamatsegula njira za mpweya pamene munthu wabanika, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola ngati 4. Ka beclomethasone, kamene nthawi zambiri kamakhala kabulauni, kamachiza kutupa kuja pang'onopang'ono, ndipo kamafunika tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, ngakhale munthu ali bwinobwino. Ambiri amakataya kachiwirika poona kuti sikathandiza pompopompo, chonsecho ndi komwe kamaletsa kubanika kubweranso. Kuyambira 2019, akatswiri a mphumu a bungwe la GINA amalangiza kuti akulu ndi achinyamata asamadalire salbutamol yekha. Ngati m'nyumba mwanu wina akufuna kabuluu katatu pa sabata kapena kuposa, abwerere kuchipatala akafunse za mankhwala oteteza. Wogwiritsa ntchito kabulauni azichukucha m'kamwa akatha kupopera, kuti musatuluke tizilonda toyera.

Kapoperedwe nako n'kofunika. Kakhutchumuleni kampopeko, tulutsani mpweya wonse, ikani kukamwa, dinani kamodzi uku mukukoka mpweya pang'onopang'ono, kenaka gwirani mpweyawo mpaka mutawerenga 10. Ana ndi okalamba zimenezi zimawavuta, ndipo mankhwala amangothera pa lilime. Thandizo lake ndi botolo la pulasitiki la mamililita 500. Madokotala a ku chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town anasonyeza m'chaka cha 1999 kuti botolo lotere limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula. Litsukeni ndi sopo, liume lokha, boolani kunsi kwake bowo lokwana kukamwa kwa kampope mothina bwino, ndipo mwana ayamwe kukamwa kwa botolo. Poperani kamodzi, iye apume kasanu, kenaka mupoperenso ngati adokotala anatero. Wakhanda amafunika chovala kumphuno ndi kukamwa, choncho achipatala akuonetseni.

Mwezi wa Ramadhani ukayandikira, funso limabwera lakuti kodi kampope kamaononga swaumu? Mashehe amasiyana maganizo. Pamsonkhano wa maulama ndi madokotala umene unachitikira ku Casablanca m'dziko la Morocco m'chaka cha 1997, ambiri anati sikaononga. Ena amati kamaononga, popeza mankhwala amalowa m'kati mwa thupi kudzera kukhosi. Koma palibe amene amati munthu wobanika adikire dzuwa lilowe. Wodwala analoledwa kumasula ndi kudzabweza tsikulo akachira. Kabulauni kokha n'kosavuta, chifukwa kakhoza kupopedwa nthawi ya daku ndi ya futari. Kambiranani ndi shehe wanu ndiponso adokotala mwezi usanaoneke.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuche. Ngati wodwala akulephera kumaliza chiganizo, milomo yasintha mtundu, nthiti zikulowa m'kati popuma, kapena khanda likulephera kuyamwa, mukhazikeni tsonga, mupopereni kabuluu kudzera m'botolo ndipo thamangirani kuchipatala. Kumeneko angampatse mpweya wa okosijeni, mankhwala ofukiza ndi makina otchedwa nebuliser, ndi mapiritsi a prednisolone a masiku ochepa. Dziwaninso kuti si kutsokomola kulikonse kumene kuli mphumu. Chifuwa chopitirira masabata 2, makamaka chobwera ndi kuwonda ndi thukuta la usiku, chimafuna kuyezetsa makhololo chifukwa chikhoza kukhala TB.

Pakhomo, wodwala mphumu atalikire utsi wa nkhuni m'khitchini, utsi wa powamba nsomba, fodya, ubani ndi mankhwala oyatsa othamangitsa udzudzu. Mlongo wa maphikiro agone pa mphasa yokung'unthidwa bwino. Mwana akamapita ku sukulu kapena ku madrasa, kabuluu kakhale m'thumba mwake ndipo aphunzitsi adziwitsidwe. Msodzi wa mphumu asakwere bwato usiku wa mwera atakasiya kumtunda, pakuti pakati pa nyanja palibe chipatala.