Musanaimbe intaneti mlandu, funsani kaye khadi ya netiweki

Kompyuta ya mu ofesi ikangoyamba kuchedwa, mlandu umagwera intaneti. Ena amafika pouza abwana kuti agule makina atsopano. Ine ndimati dikirani kaye, yambani mwaona liwiro la khadi ya netiweki, kachipangizo kaja kamene mumalowetsamo nthambo kuseri kwa kompyuta. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Pa Windows, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani ncpa.cpl, kenako dinani kawiri pa Ethernet. Pamene palembedwa Speed, kawirikawiri muona 100 Mbps kapena 1.0 Gbps, yomwe ndi 1,000 Mbps. Pa Linux lembani ethtool ndi dzina la khadiyo.

Koma samalani, nambala imeneyi sikuti ndi mphamvu zonse za khadi ayi. Mukalowetsa nthambo, khadi imakambirana ndi switch, kabokosi komwe nthambo za mu ofesi zimakumana, n'kusankha liwiro lomwe mbali zonse zingakwanitse. Khadi ya 1 Gbps ikakumana ndi switch yakale ya 100 Mbps, basi, iyenda pa 100.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi nthambo. M'kati mwake muli timawaya 8. Liwiro la 100 Mbps limangogwiritsa ntchito 4, pamene la 1 Gbps, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limafuna tonse 8. Kamodzi mwa tinayi tinato kakaduka, kaya khoswe waluma kaya mwendo wa desiki wapondapo, makhadi ambiri amangotsikira pa 100 mwakachetechete. Intaneti ikulowa ndithu, ndiye palibe amene akukayikira. Eti kugula kompyuta yatsopano chifukwa cha kawaya kamodzi?

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Mabiti 8 amapanga bayiti imodzi, choncho 100 Mbps ndi mamegabayiti 12.5 pa sekondi. Fayilo ya 1 GB idzatenga masekondi pafupifupi 80. Pa 1 Gbps, masekondi 8 okha.

Wina anganene kuti, "Nanga intaneti ya ofesi ikakhala ya 20 Mbps?" Zoona, pamenepo kusintha nthambo sikufulumizitsa YouTube. Kumathandiza pokopera mafayilo pakati pa makompyuta a mu ofesi momwemo. Komabe mwadziwa komwe vuto kulibe, ndipo simunawononge kwacha.

Ngati kusukulu kwanu kuli labu ya makompyuta, pemphani aphunzitsi muyesere. Mukapeza imodzi ili pa 100 zinzake zili pa 1.0 Gbps, isinthireni nthambo ndi ya kompyuta yoyandikana nayo, muonenso nambala ija.