KODI TSOBOLA WAKALE SAWAWA? ZA JORDAN, LEBRON NDI MPIRA WA MASIKU ANO

Pano pa seminale pali mkangano umodzi umene suzirala. Umayambira pa bwalo la basiketibolo, umapitirira potsuka mbale, ndipo belu logonera likalira umangodikira mawa. Funso lake ndi ili: katswiri woposa onse pa mpira umenewu ndani? Ena akuti Michael Jordan, ena akuti LeBron James, pamene ang'ono athu a Fomu 1 amangodziwa Stephen Curry basi. Ine ndine wa Fomu 3, kwathu ndi kwa Malemia m'chigwa cha Domasi, ndipo ndapempha malo m'magazini yathu ino kuti ndiikepo mlomo. Maganizo anga ndi akuti ambiri a ife tikuyeza ndi muyeso wolakwika, ndipo muyeso umenewo wayamba kuononga ngakhale kaseweredwe kathu.

Tiyambe tamvana za bwalo loweruzira mlanduwu. Ligi ya NBA ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 82 pa chaka. Koma chikho sichipita kwa amene ali pamwamba pa ligi monga zimakhalira mu mpira wathu wa miyendo. Mu Epulo matimu 16 amalowa m'ndime yochotsana imene eni ake amaitcha ma playoff. Apa matimu awiri amakumana mobwerezabwereza, mwina mpaka kasanu ndi kawiri, ndipo yoyamba kupambana kanayi ndiyo imapitirira. Kuti timu inyamule chikho mu Juni iyenera kugwetsa matimu anayi motere, ndiye kuti kupambana ka 16. Mafainolo ake amayamba itadutsa 2 koloko usiku nthawi ya kuno, n'chifukwa chake ambirife timangoona zidutswa pa foni ya achimwene tikapita ku tchuthi.

Dongosolo limeneli ndi lopanda chisoni. Sewero limodzi munthu atha kupambana mwa mwayi. Koma ukakumana ndi adani omwewo kwa masabata awiri, makochi awo akuonera mafilimu a masewero ako usana ndi usiku, machenjera ako onse amayalidwa poyera. Ngati umakonda kudzera kumanja, amakutsekera kumanja. Ngati m'timu mwanu muli wina wofooka potchinga, amamusaka ngati mbewa mpaka kochi amutulutse. Tsono muyeso wanga ndi uwu: katswiri weniweni ndi amene amati adani akatseka khomo lake la masiku onse, iye n'kupeza khomo lina.

Okonda Jordan amathamangira kuwerenga zikho. Amati Jordan ali ndi 6, LeBron ali ndi 4, mlandu watha. Ngati zili choncho, tonse tigwadire Bill Russell amene adatenga zikho 11 m'zaka 13 ndi timu ya Boston Celtics pakati pa 1957 ndi 1969. Nanga Robert Horry, amene ambiri a inu simudamumvepo, sali ndi zikho 7 kodi? Palibe amene amati Horry adaposa Jordan. Chikho ndi cha timu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Okonda LeBron nawo amawerenga mapointi. Ndi zoona kuti mu Febuluwale 2023 adapitirira mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar, ndipo mu Malichi 2024 adakhala munthu woyamba kufika pa 40,000. Izi n'zodabwitsa, koma zikutiuza kwambiri za kutalika kwa ulendo. LeBron adalowa mu ligi mu 2003 ali ndi zaka 18 ndipo wasewera zaka zopitirira 20. Jordan adasewera zaka 15 zokha, koma pa sewero lililonse ankagoletsa mapointi 30, ndipo m'ndime yochotsana ankafika pa 33. Manambala awiriwa akuyankha mafunso osiyana.

Vuto lina ndi lakuti mpira umene ankasewera Jordan si umene ukuseweredwa lero. Mzere wa mapointi atatu udalowa mu NBA mu 1979, ndipo uli pa mtunda wa mamita 7.24 kuchokera pa ringi, kupatula m'makona momwe uli pafupiko. Poyamba makochi ankauona ngati chidole. M'chaka cha 1990-91 timu inkaponya kuchokera kunja kwa mzerewu pafupifupi ka 7 pa sewero. M'chaka cha 2024-25 idali ikuponya kopitirira 35. Chidasintha n'chiyani? Ndi masamu a ku pulayimale. Ukaponya ka 100 mkati mwa mzere n'kulowetsa 50, wapeza mapointi 100. Ukaponya ka 100 kunja kwa mzere n'kulowetsa 35 yokha, wapeza 105. Matimu atazindikira zimenezi adayamba kufuna malo awiri okha oponyera: pansi penipeni pa ringi, kapena kunja kwa mzere. Malo apakati, pamene Jordan ankadyera, adasanduka ngati munda wogonera.

Malamulo nawo adathandizira. Mu 2001 ligi idalola kutchinga kwa malo m'malo mokakamiza aliyense kutsata munthu wake, ndipo mu 2004 oyimbira adayamba kulanga kwambiri wotchinga amene wagwira mnzake ndi dzanja kutali ndi ringi. Osewera aafupi ndi aliwiro adapeza mpata. Curry adalowetsa mipira 402 ya mapointi atatu m'chaka cha 2015-16 chokha, chinthu chimene kale chikadamveka ngati nthano. Ngakhale ziphona zimene kale zinkangoima pansi pa ringi tsopano zimatuluka kunja. Nikola Jokić wa ku Serbia, amene adatsogolera Denver ku chikho mu 2023, ndi chiphona chopatsira mipira kuposa osewera aafupi ambiri.

Choncho amene amati tsobola wakale sawawa, ati chifukwa Jordan sankaponya kwambiri za mapointi atatu, sakuchita chilungamo. Kuli ngati kunyoza Kinnah Phiri, amene adali m'timu ya dziko lino imene idatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, chifukwa chakuti zigoli zake sitiziona pa foni monga timaonera chija adagoletsa Gabadinho Mhango pokumana ndi Morocco mu Januwale 2022. Munthu amayesedwa ndi adani, malamulo ndi mabwalo a nthawi yake.

Kodi tsono njira yatsopanoyi ndi yabwino? Pa masewero 82 masamu sanama. Koma ndime yochotsana ndi yaifupi, ndipo dzanja limatha kuzizira tsiku lolakwika. Mu 2018 timu ya Houston Rockets, imene idakhulupirira masamuwa kuposa ina iliyonse, idafika pa sewero lachisanu ndi chiwiri ndi Golden State, pakhomo pawo pomwe, wopambana apite ku fainolo. Idali patsogolo popita kopumula. Koma usiku umenewo idaphonya mipira 27 yotsatizana ya mapointi atatu, ndipo idatuluka. Kwathu kwa Malemia mlimi wanzeru sadzala chimanga chokha. Amaikako nandolo, chinangwa ndi mbatata, podziwa kuti chaka china mvula imadula mu Febuluwale. Houston idadzala chimanga chokha.

Taonani amene adachita mosiyana. Mu 2021 Giannis Antetokounmpo, mwana wa makolo a ku Nigeria wobadwira ku Greece, ankasekedwa chifukwa chophonya mipira yaulere imene munthu amapatsidwa akachitidwa faulo. Pa sewero lotengera chikho adagoletsa mapointi 50, ndipo pa mipira yaulere 19 adalowetsa 17. Mu 2025 Oklahoma City idatenga chikho chifukwa cha kutchinga kolusa ndi kulanda mipira, ndipo mtsogoleri wake Shai Gilgeous-Alexander amakonda kuponyera malo apakati aja amene masamu adawataya. Adani akatseka pansi pa ringi ndi kunja kwa mzere, pakati m'pamene pamatsala potseguka.

Tsopano tiwaike akuluakulu awiri aja pa muyeso wanga. Jordan sadabadwe ndi zikho. Mu 1986 adagoletsa mapointi 63 ku Boston, nambala imene mpaka pano palibe adaifika m'ndime yochotsana, koma timu yake ya Chicago Bulls idagonja tsiku lomwelo. Mu 1988, 1989 ndi 1990 adatulutsidwa ndi Detroit Pistons, amene ankamuunjikira anthu awiri kapena atatu ndi kumugwetsa pansi mopanda manyazi. Iye adalimbitsa thupi, ndipo adavomera dongosolo la kochi Phil Jackson loti mpira uziyenda m'manja mwa onse asanu. Mu 1991 adasesa Detroit 4 kwa 0. Kuchokera apo adalowa m'mafainolo 6, mu 1991 mpaka 1993 ndi 1996 mpaka 1998, ndipo adapambana onse osalola ngakhale imodzi kufika pa sewero lachisanu ndi chiwiri. Mu 1997 mpira wotengera chikho sadauponye yekha. Ataona kuti amutsekera, adapatsira Steve Kerr amene adali yekha.

LeBron nayenso adapunthwa. Mu fainolo ya 2011 Dallas idamutsekera njira yopita ku ringi, iye n'kusowa chochita, ndipo Miami idagonja. Sadakhale pansi kudandaula. Adapita kwa Hakeem Olajuwon kukaphunzira kusewera atafulatira ringi, ndipo adatenga zikho mu 2012 ndi 2013. Mu 2016, ali ku Cleveland, adakumana ndi Golden State imene chaka chimenecho idapambana masewero 73 mwa 82. Atatsalira 3 kwa 1, adapambana masewero atatu otsatizana, chinthu chimene chidali chisadachitikepo mu fainolo. Pa mapointi, kupatsira, kutola mipira yophonyedwa, kulanda ndi kuphula mipira m'mwamba, iye adaposa osewera onse a matimu awiriwo.

Chigamulo changa ndi ichi. Mutandiuza kuti ndimange timu ya zaka 20, ndingatenge LeBron. Koma mutandiuza kuti pali masewero asanu ndi awiri okha ndipo wogonja apita kwawo, ndingatenge Jordan, chifukwa kuyambira 1991 mpaka 1998, m'zaka zonse zimene adasewera chaka chathunthu, palibe timu idapeza mankhwala ake. Popeza ndanena kuti bwalo loweruzira ndi ndime yochotsana, kwa ine Jordan ali patsogolo, LeBron ali pa chidendene pake. Chachikulu n'chakuti onse awiri adakula pamene adaphunzira chimene sankachidziwa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ifeyo. Pa bwalo lathu masiku ano aliyense akalandira mpira amabwerera m'mbuyo kufuna mzere, n'kuuponya m'mwamba akufuula dzina la Curry, mnzake ataima yekha pansi pa ringi manja ali m'mwamba. Tatengera chipatso osaona mtengo wake. Masamu aja amagwira ntchito kwa munthu wolowetsa mpira umodzi pa itatu iliyonse. Yesani nokha Loweruka likudzali: ponyani ka 30 kuchokera kunja kwa mzere, mnzanu aziwerenga. Ngati simufika pa 10, mpira uliwonse umene mumaponya kumeneko pa sewero mumabera timu yanu. Alongo athu a ntchemberembaye kumudzi, amene amasewera pa fumbi ndi ringi yokhomera pa mtengo wa bulugama, amatiposa kutali pa kupatsirana ndi kufunafuna malo. Tikadaphunzirako kwa iwo.

Wina asanene kuti izi ndi za ku America, ife sizitikhudza. Olajuwon, amene adatenga zikho ndi Houston mu 1994 ndi 1995, adakulira ku Lagos akusewera mpira wa miyendo ngati goloboyi, ndipo kupondaponda kwake kumene kunkazunguza ziphona kudachokera kumeneko. Pascal Siakam, amene adatenga chikho ndi Toronto mu 2019 ndi kufikanso mu fainolo ndi Indiana mu 2025, adaphunzira pa seminale yaing'ono ya St. Andrew ku Bafia m'dziko la Cameroon, akudzuka ndi belu ngati ife tomwe. Abambo Rekitala asadandaule, sindikukopa aliyense kuti alongedze katundu. Ndikungonena kuti mwambo wa pano, wochita chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku pa nthawi yake, ndi womwewo umene umapanga wosewera. Kuyambira 2021 Africa ili ndi ligi yakeyake ya Basketball Africa League imene idayambira ku Kigali, ndipo timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yaimirirapo dziko lino m'mipikisano yachipulula yolimbirana malo mu ligi imeneyi. Njira ilipo, ngakhale ndi yaitali.

Pomaliza ndikupempha akapitawo a zamasewero zinthu zitatu. Choyamba, mphindi 20 zoyamba pa bwalo zikhale zophunzira kudunda mpira ndi dzanja lamanzere, kupatsirana ndi kuponya chapafupi. Chachiwiri, a Fomu 1 asaponye kunja kwa mzere kufikira atalowetsa mipira yaulere 7 pa 10. Chachitatu, mpikisano wa makalasi wa teremu ino usakhale wa sewero limodzi. Matimu azikumana katatu, yopambana kawiri ipitirire, kuti ogonja tsiku loyamba akhale ndi usiku woganiza ndi kubwera ndi nzeru zina. Tikatero tidzaona amene ali ndi khomo lachiwiri pakati pathu. Amene akutsutsana nane za Jordan ayankhe m'kope lotsatira, koma abwere ndi zifukwa, osati phokoso.