Chuma Chenicheni cha Dziko

Nauru ndi Mauritius ndi zilumba ziŵiri zimene zinalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1968. Anthu a ku Nauru, m'nyanja ya Pacific, analemera msanga pogulitsa miyala yopangira feteleza. Koma miyalayo itachepa, kunatsala maenje osalimika, ndipo anthuwo anasauka.

Anzawo a ku Mauritius, m'nyanja ya India, ankadalira nzimbe. Mu 1977 maphunziro a sekondale anakhala aulere. Boma linalimbikitsanso mafakitale a zovala ndi ntchito zokopa alendo. Lero anthuŵa ali pabwino kuposa a ku Nauru.

Ana inu, chuma chokumba pansi chimatha, koma nzeru sizitha. Dziko limatukuka likasamala nthaka yake ndi kuphunzitsa ana ake.