Za Masewera: Kamnyamata ka ku Lusaka

Sabata ino, anzanga a ku Swang'oma ndi midzi yonse ya m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa, tiyeni tisiye pang'ono za mpunga ndi matemba, tikambeko za mpira wina umene ambiri a inu simunauonepo. Dzina lake ragibi. Mpirawo ngwautali ngati dzira, ndipo munthu amaunyamula m'manja nathamanga nawo. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 15. Chodabwitsa nchakuti ndi manja saloledwa kuuponyera kutsogolo, koma kumbuyo kapena m'mbali. Amene waukhazika pansi kuseri kwa mzere wa adani wapatsa anzake mapointi 5.

Nthawi zina amuna 8 amphamvu a mbali ino amakolana mapewa ndi 8 a mbali inayo nakankhana, monga momwe inu mumakankhira bwato lotitimira m'matope nyanja ikaphwa. Pambuyo pawo pamaima munthu mmodzi, kawirikawiri wamng'ono thupi, wodikira kutola mpira ukatuluka kumiyendo kwawo ndi kuupereka msanga kwa othamanga. Iyi ndiyo inali ntchito ya George Gregan.

Gregan anabadwira ku Lusaka m'chaka cha 1973, bambo wake wa ku Australia, mayi wake wa ku Zimbabwe. Akali wakhanda makolo anamutengera ku Australia, ndipo anakulira mumzinda wa Canberra. Msinkhu wake unali wamba, woti mukanakumana naye pamsika wa ku Migowi simukanacheuka.

Tsono m'chaka cha 1994, atangoyamba kumene kusewerera dziko la Australia, anakumana ndi a New Zealand ku Sydney. Nthawi ili pafupi kutha, Australia inali patsogolo ndi 20 kwa 16. Mnyamata wina waliwiro, Jeff Wilson, anazemba adani angapo, nadumpha kuti akhazike mpira pamzere. Akanatero, Australia ikanagonja. Gregan anachokera kumbali namugunda ali m'malere, mpira nuthawa m'manja mwake. Taganizani, msodzi wakoka khoka usiku wonse, nsomba yafika pagombe, kenaka yapulumuka iye akuona! Anthu a kumeneko amaikambabe nkhaniyi.

M'chaka cha 1999 anali m'gulu limene linatenga Chikho cha Dziko Lonse pogonjetsa France ku Cardiff. Mu 2001 anamusankha kukhala kapitawo wa gulu la dziko lake, ndipo ndi gulu la kwawo la Brumbies anatenganso chikho mu 2001 ndi 2004. Zowawa sanazipewe ai: mu 2003 a England anawalanda chikho cha dziko lonse pakhomo pawo penipeni, ku Sydney, ndi 20 kwa 17. Anasewerera Australia maulendo 139 kufikira 2007, ndipo panthawiyo panalibe wina padziko lonse woposa pamenepo. Pambuyo pake anakasewera ku Toulon m'dziko la France ndi ku Japan, kumene analekera mu 2011.

China chimene ine chimandisangalatsa ndi ichi. M'chaka chomwecho cha 2003 kapitawo wa South Africa anali Corné Krige, nayenso wobadwira ku Lusaka, mu 1975. Maiko awiri akuluakulu a ragibi, onse otsogoleredwa ndi ana a mzinda umodzi, kumene pamsika anthu amatsatsa malonda m'Chinyanja.