Agalu a ku Cambridge ndi ngozi za pa M1

Anzanga, tsiku lija aphunzitsi a Biology atanena kuti kunja akubaya maselo m'misana ya makoswe ndi agalu, theka la kalasi linafa nacho chiseko. Wina kumbuyo n'kuti, "Ndalama zawachulukira eti?" Ine sindinaseke nawo.

Mkati mwa fupa la msana mumadutsa mtsempha uja timajambula m'makope, spinal cord. Ukaphwanyika sumapola ngati bala la pakhungu ayi, munthu amafa miyendo. Mu 2012 akatswiri a ku Cambridge anayesa agalu 34 opuwala miyendo yakumbuyo. Agalu 23 anawabaya pamsana maselo ochokera m'mphuno mwawo momwe, poti minyewa ya m'mphuno imatha kuphukanso. Ambiri anayamba kuponda bwinoko pa makina oyendera, atawakoleka ndi malamba, ngakhale uthenga wochokera ku ubongo sunkadutsabe bwinobwino. Ku California mu 2005, makoswe amene analandira maselo patatha masiku 7 chivulalireni anayamba kuyenda bwinoko. Amene anadikira miyezi 10, sizinawathandize.

Ndiye si zoseketsa. Popanda nyamazi, madokotala a ku Keio University ku Tokyo sakanayamba kuyesa pa anthu mu 2021. Koma tamvani nambala yake: anthu anayi basi. Akadali mayeso, ndipo pano pa Manjawira mankhwala amenewa safika mawa.

Chomwe chafika kale ndi M1 ndi njinga zamoto za kabaza, zimene timakwera atatuatatu opanda chipewa. Ngozi ikachitika timathamangira, mtima wabwino ndithu, wina wagwira mikono, wina miyendo, n'kumupinda munthu kumpando wakumbuyo kwa galimoto kuti athamangire ku chipatala cha Ntcheu. Apo ndi pomwe pamandiopsa. Ngati fupa la msana lathyoka, kupindako kungamalizitse mtsempha umene unali usanaduke. Mtsempha womwewo umene akatswiri atha nawo zaka akulephera kuulumikiza.

Wovulala akamadandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo sakuimva, musamudzutse, musamukhazike. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke. Ngati n'kofunikadi kumunyamula, mugonekeni pa thabwa kapena chitseko, anthu anayi kapena asanu, thupi lonse litawongoka.

Pempho langa kwa ahedi ndi ma prefect: tiitanireni a Red Cross kapena azachipatala adzationetse zimenezi pa asembule teremu ino. Chitseko chakale choyeserera ndibweretsa ndine.