Masetilaiti akudutsa pamwamba pathu, sukulu zathu zili chete

Tsiku lililonse International Space Station imazungulira dziko lapansi pafupifupi ka 16, ili pamtunda wa makilomita 400. Ulendo umodzi umatenga mphindi 90, ndipo maulendo ena amaidutsitsa pamwamba pa Liwonde, Ntaja ndi Ulongwe. M'kati mwake muli wailesi yomwe munthu wamba amatha kuimva pa 145.800 MHz ndi kachipangizo kogwira m'manja. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tikuti yafika nthawi yoti ana a ku Machinga ndi ku Balaka aimve wailesiyi ndi makutu awo.

Padziko pali anthu omwe amalumikizana pa wailesi mongokonda chabe, osati pofuna phindu, ndipo ntchito yawo imatchedwa amateur radio. Aliyense amakhala ndi chilolezo cha boma lake komanso dzina loitanira. Mayina a ku Malawi amayamba ndi 7Q, ndipo chilolezo amapereka ndi a MACRA. Anthuwa ndiwo anapanga setilaiti yotchedwa OSCAR 1 yomwe inaponyedwa m'mlengalenga mu December 1961, patangotha zaka zinayi Sputnik itauluka. Ina, AO-7, inakwera mu 1974, inazima mu 1981, kenako inamvekanso mu 2002 ikuyendera dzuwa lokha.

Chionetsero cha ntchitoyi sichifuna nyumba yapamwamba. Munthu amaima pabwalo ndi wailesi ya mawati asanu ndi eriyo ya Yagi, yomwe ena amapanga okha ndi thabwa ndi tizitsulo. Pologalamu ya pafoni imamuuza nthawi yomwe setilaiti itulukire ndi mbali yomwe ilowere. Kwa mphindi khumi zokha iye amailondola ndi dzanja. Setilaitiyo imalandira mawu ake pa nambala ina n'kuwabweza pansi pa nambala ina, motero wa ku Balaka akhoza kuyankhulana ndi mnzake wa ku Johannesburg popanda netiweki, mayunitsi kapena bando.

Palinso QO-100, yomwe ili pa setilaiti ya dziko la Qatar yotchedwa Es'hail-2, yoponyedwa mu November 2018. Iyi ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 ndipo imayenda mofanana ndi kuzungulira kwa dziko, choncho imaoneka ngati yaima malo amodzi. Imafikira Africa yense, Ulaya, mpaka mbali ina ya Brazil ndi Thailand. Dishi yonga ya kanema imakwanira kuilandira usana ndi usiku.

Chifukwa choyamba chomwe tikunenera izi ndi maphunziro. M'sukulu zambiri za sekondale Physics imathera pabolodi. Ana amaloweza za mafunde a wailesi ndi liwiro la kuwala kuti akhoze MSCE, mayeso akatha zonse n'kuuluka. Koma mwana amene wagwira eriyo n'kumva mawu akusokonekera pamene setilaiti ikuyandikira ndi kutalikira, mpaka asinthe nambala pang'onopang'ono kuti amve bwino, wamvetsa Doppler effect moyo wake wonse. Pa chionetsero chimodzi muli masamu a ngodya, Geography ya mapu ndi kampasi, ndi Chingerezi choyankhula ndi mlendo amene sakumuona.

Chachiwiri ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala mu mdima. Mu March 2023 Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, nakokolola misewu ndi milatho. Nsanja za mafoni zimadalira magetsi ndi mafuta a jenereta. Msewu ukaduka, mafuta safika, foni imasanduka tochi. Midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, kapena ya kufupi ndi Nayuchi, ikazingidwa ndi madzi imafuna njira ina youzira a DoDMA kuti odwala ndi angati ndipo chakudya chatsala chotani. Wailesi yoyendera batire ya galimoto ndi sola imodzi imatha kugwira ntchito imeneyo. Namondwe wa Maria atasakaza Puerto Rico mu 2017, bungwe la American Red Cross linapempha anthu 50 odziwa wailesizi kuti akathandize kutumiza mauthenga.

Ena anena kuti sukulu yosowa madesiki ndi mabuku siingagule zipangizo zotere. Nkhawayo ndi yomveka, ndipo zida zotumizira mawu ku QO-100 n'zodula ndithu. Komatu poyambira ndi kumvetsera. Kachipangizo ka RTL-SDR, kofanana ndi fulashi, kakalumikizidwa ku laputopu kamalandira mawu ngakhalenso zithunzi zomwe International Space Station imatumiza nthawi zina, ndipo mtengo wake suposa wa foni yamakono yotchipa. Sukulu zingapo zoyandikana zikhoza kubwerekana chipangizo chimodzi.

Ena ati Starlink inafika kale m'Malawi mu 2023. Zoona, koma imafuna kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo mwana woigwiritsa ntchito saphunzira momwe ikuyendera. Wopanga yekha eriyo amadziwa poikonza ikathyoka.

Akumpingo adziwiretu chinthu chimodzi: malamulo salola kuulutsa mapologalamu kapena kuchita malonda pa mafunde amenewa, choncho si njira yolalikirira. Phindu lake kwa ife ndi luso lotumikira anzathu pa tsiku la tsoka, luso lomwe a Pathfinder akhoza kuphunzira limodzi ndi chithandizo choyamba. A Scout padziko lonse amachita kale zotere pa Jamboree on the Air mwezi wa October chaka chilichonse.

Pempho lathu ndi ili. A MACRA afalitse momveka njira yopezera chilolezo ndipo aganizire mtengo wotsika wa makalabu a sukulu. Makoleji ophunzitsa aphunzitsi, kuphatikizapo lathu ndi Machinga TTC, aitane omwe ali ndi dzina la 7Q kudzaonetsa lusoli pabwalo, ana ndi makolo akuona. Ifenso tisadikire kulembedwa ntchito: tisonkhe ndalama ya RTL-SDR imodzi temu ino, tiphunzire kuigwiritsa ntchito, kuti tikamapita ku teaching practice tikhale nayo m'chikwama. Mvula ikubwerayi isatipeze tikudalira foni yokha.