Mawu a agogo tiwasunge m'chotengera chotani?

Mwezi uno tikambirane nkhani yokhudza banja lililonse limene lili ndi foni. Ana athu ambiri ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi ayamba kulemba mbiri ya makolo, maina a mitundu yawo ndi nthano zimene agogo amasimba madzulo. Ntchito imeneyi tikuiyamika, pakuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Koma kodi zolembazo akuzisunga m'chotengera chotani, kuti adzukulu adzathe kuzitsegula?

Njira zodziwika ndi zitatu. Yoyamba ndi zolemba wamba, zimene dzina lake limathera ndi txt. M'menemo muli malemba okha, mulibe zithunzi kapena zokongoletsa. Tsamba lathunthu limatenga malo ochepa zedi, kotero limafika ngakhale kumudzi kumene netiweki imavuta, ndipo silitha ndalama za bandulo. Bambo Michael Hart atayambitsa Project Gutenberg ku America m'chaka cha 1971, anasankha njira yomweyi, ndipo mabuku amene analembedwa masiku amenewo akuwerengekabe lero.

Yachiwiri ndi PDF, imene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993. Iyi imasunga tsamba monga momwe linakonzedwera, choncho ndi yabwino popita nayo kokasindikiza ku boma. Vuto lake ndi lakuti pa foni yaing'ono malemba amachepa, ndipo agogo amatopa ndi kukoka tsamba uku ndi uku. Yachitatu ndi EPUB, imene inakhazikitsidwa mu 2007. Malemba ake amakula monga momwe maso afunira, ndipo mitu ya buku imapezeka msanga, koma mafoni ena amafuna pulogalamu yapadera kuti aitsegule.

Tichenjere makamaka ndi mabuku okhomedwa ndi ogulitsa. Mu 2019 kampani ya Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku; anthu anabwezeredwa ndalama, koma mabuku amene anagula analeka kutseguka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbiri ya banja isatsekeredwe m'nyumba imene kiyi wake ali ndi mlendo.

Nanga tichite chiyani? Ife tikuti mbewu isungidwe payokha. Choyamba lembani zonse m'zolemba wamba, ndipo zimenezo zikhale mbewu yanu. Kuchokera pamenepo mungapange PDF yosindikiza kapena EPUB yowerenga pa foni, pamene kutulutsa mawu m'chithunzi cha tsamba ndi ntchito yovuta. Tumizani kope kwa achibale awiri kapena atatu, popeza foni imabedwa ndiponso imagwera m'madzi. Pomaliza sindikizani kope limodzi papepala, mulisunge pouma, kutali ndi chiswe.

Pokasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba m'mwezi wa August, tengani kopelo mukawawerengere agogo, akonze pamene mwalakwitsa akadali ndi moyo.